Sikima si ya madzi aliwonse, anyamata musamalize mbuzi pachabe

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndiyankhulepo za kachipangizo kena kochotsa litsiro m'madzi a mu thanki ya nsomba kamene kayamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook a anyamata oweta nsomba kuno kumunsi, pachingerezi amati protein skimmer koma ife kuntchito tinkangoti sikima basi. Chandilembetsa ndi mwana wa mlongo wanga amene mwezi wathawu wagulitsa mbuzi ziwiri, zazikazi zonse inanso ili ndi bere, n'kuitanitsa chinthuchi kwa munthu wina wa mu tauni amene anamuuza kuti ukangoika chimenechi mu thanki kusintha madzi ndiye kwatha mpaka kalekale. Pano chinthucho chili pakona kuseri kwa chitseko akangaude ayamba kale kumangamo, mwini wake akungoyenda akutukwana kuti anamugulitsa feki.

Ndinapita kukachiona Loweruka lija. Si feki ayi, ndi sikima yabwinobwino pampu yake yatsopano ikulira bwino, vuto ndi lakuti mnyamatayu amasunga mbuna za ku nyanja yathu ya Malawi mu thanki ya galasi ya malita mwina 200, madzi opanda mchere, ndipo sikima m'madzi otero ili ngati kugulira munthu wa dazi chipeso. Wogulitsayo kaya sankadziwa kaya ankadziwa koma anaona mbuzi, zimenezo adziwa yekha ndi Mulungu wake.

Mwina wina afunsa kuti iwe wa ku Nchalo zimenezi unazidziwira kuti, pajatu kuno timadziwika ndi nzimbe, thonje, ng'ombe ndi madzi osefukira basi. Ine ndinakhalako ku Durban zaka 6 ngati anzanga ambiri amene tinathawira ku Joni kukasaka, ndipo mwayi wanga unagwera mu shopu ina yogulitsa nsomba zokongoletsera m'nyumba, tinsomba ta m'nyanja ya mchere tamitundu ngati chitenje ndi makorali omwe, zamoyo zija za pansi pa nyanja ya mchere zooneka ngati miyala yamaluwa. Ndinayamba ndi kukolopa pansi ndi kunyamula ndowa, kenako abwana ataona kuti ndimafunsafunsa anandisiyira ntchito imene aliyense ankaithawa, yotsuka makapu a masikima m'mawa uliwonse tisanatsegule. Nde ngati pali chinthu chimodzi pa dziko pano chimene ndinachinunkhiza mpaka kuchidziwa ndi chimenechi.

Kagwiridwe kake sikovuta kumva, amayi aliyense amene anaphikapo nyama kapena nyemba akudziwa kale theka lake. Mphika ukayamba kuwira pamwamba pamabwera thovu lotuwa lija limene mumaliyengula ndi chipande n'kutaya kuti msuzi ukhale woyera. Sikima imachita zomwezo koma popanda moto, imapanga yokha thovu m'madzi a nsomba, litsiro n'kukakamira ku thovulo, thovu n'kukwera pakhosi la chipangizocho mpaka kukagwera mu kapu imene ili pamwamba, inu n'kungochotsa kapuyo kukataya. Mulibe sefa, mulibe nsalu kapena siponji yoti madzi adutsemo, ntchito yonse akugwira ndi mpweya.

Funso ndi lakuti litsirolo limakakamira ku thovu chifukwa chani. Apa mpamene ndinavutika kumvetsa mpaka mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene anaphunzirako za sayansi anandijambulira pa katoni ya ndudu. M'madzi a nsomba muli litsiro lina limene maso sangalione chifukwa lasungunuka, lochokera ku ndowe za nsomba, nanda za pakhungu pake, zakudya zotsala zimene zayamba kuola, mafuta ndi mapuloteni. Tizidutswa tambiri ta litsiro limeneli tili ndi mbali ziwiri, mutu wina umakonda madzi pamene mutu winawo umadana nawo madzi kwambiri umangofuna potulukira. Ndi momwenso sopo alili, n'chifukwa chake amatha kugwira mafuta mbali ina madzi mbali ina. Tsono kathovu ka mpweya kakamadutsa, mbali yodana ndi madzi ija imalowetsa mutu mu mpweyamo mbali inayo ikadali m'madzi, basi kakwera kabaza, ulendo wopita kumwamba. Timathovu tikafika pamwamba tili titavala litsiro thupi lonse sitiphulika msanga, timaunjikana, tapansi tikukankha tapamwamba, madzi oyera akutsetsereka kubwerera pansi, chotsala chikunkabe chikhuthala mpaka chisefukire mu kapu.

Amene munafikako ku Beira kapena gombe lina lililonse la nyanja ya mchere munaonapo thovu loyera kapena lachikasu limene mafunde amalisiya pamchenga mphepo ikamaomba. Ija ndi sikima ya Mulungu, anthu anangoonera pomwepo n'kuiika mu chipayipi cha pulasitiki.

Chimene chimagwera mu kapu muja abale musachifunse. Mukaitchera sikima kuti thovu lizikwera lamadzimadzi mumapeza kapu yadzaza ndi zinthu zooneka ngati tiyi wopanda mkaka, mukaitsitsa kuti thovu lizifika pamwamba litauma mumapeza zochepa koma zakuda bii zokhuthala ngati phala, zomata m'khosi mwa kapu moti mpaka mswachi wakale ugwire ntchito. Fungo lake tangoganizani madzi amene amayi a pamsika wa nsomba ku Bangula atsukira matumbo a mlamba, muwatsekere mu chigubu masiku atatu padzuwa la Okutobala kenako mutsegule mphuno ili pafupi. Tsiku loyamba ndinathamangira panja kukalavula anzanga akufa ndi phwete. Koma chodabwitsa n'chakuti thanki imene mwatuluka zonyansazo madzi ake amaoneka oyera mbee ngati mungamwe, ndiye pamene ndinadziwira kuti kuyera kwa madzi ndi maso sikutanthauza kanthu.

Ubwino wake weniweni uli pa nthawi. Litsiro lija mukalisiya m'madzi mabakiteriya amaliphwanya n'kukhala amoniya, ameneyo ndi poizoni kwa nsomba olo atakhala wochepa, amaotcha makha. Mabakiteriya ena amene amakhala m'miyala ndi mu sefa amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, poizoninso, kenako ena n'kumusandutsa naitireti amene ndi wofatsirako. Naitireti ameneyu alimi mukumudziwa, ndi yemwe uja ali mu feteleza wa CAN, nde tangoganizani feteleza akuchulukira mu thanki imene ikuwalidwa ndi magetsi tsiku lonse, ndere zimamera mpaka galasi osaonekanso ndipo makorali amayamba kufa. Sikima imalanda litsirolo lisanayambe ulendo wonsewu, imalitulutsa kunja kwa madzi kotheratu, pamene siponji imangoligwira n'kulisunga momwemo likuolerabe m'madzi mpaka tsiku limene mwiniwake adzakumbuke kuichapa. Koma mvetsetsani, amoniya amene wapangika kale sikima simuchotsa, naitireti amene alimo kale simuchotsa, ndiye bodza lija lakuti kusintha madzi kwatha ndi bodza ndithu olo mu thanki ya mchere. Ife ku shopu masikima anali akulu ngati munthu woimirira koma madzi tinkasinthabe sabata ndi sabata, komanso sikima imatengako ndi tina tofunika tosungunuka m'madzi toti makorali amadya, kusintha madzi kumabwezeretsa timeneto. Phindu lina limene anthu saliwerengera ndi mpweya, chifukwa madzi akamasakanizidwa ndi thovu chonchija okosijeni amalowa wambiri mpweya woipa n'kutuluka.

Tsono tifike pa nkhani ya mchere imene yadyetsa mbuzi za mphwanga.

Mphamvu yonse ya sikima ili pa kuchepa kwa timathovu. Mtanda umodzi wa nsima mukauviika wonse mu msuzi umanyowa kunja kokha, koma mukautema mbamu zing'onozing'ono mbamu iliyonse imatenga msuzi wake, mbale imauma msanga. Thovu ndi chimodzimodzi, litsiro limakwera pakhungu la thovu osati m'kati, nde mpweya womwewo mukaugawa timathovu tochepa kakhumi m'mimba mwake mumapeza timathovu 1,000 m'malo mwa limodzi ndipo khungu lonse pamodzi lakula kakhumi. Kuonjezera apo kathovu kakang'ono kamakwera pang'onopang'ono ngati lole yodzaza shuga pa mapiri a Thabwa, kali ndi nthawi yotola apaulendo, pamene thovu lalikulu limangoti phuu lafika kale pamwamba laphulika lopanda kanthu.

Madzi a m'nyanja ya mchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndiye kuti ndowa ya malita 20 muli mchere magalamu 700, kuposa theka la kilo. Mchere wochuluka chonchi umaletsa timathovu kuphatikizana, tikagundana timangolambalalana kalikonse kali pakokha, n'chifukwa chake m'kati mwa sikima ya madzi a mchere mumaoneka poyera ngati mwathiridwa mkaka. M'madzi opanda mchere timathovu tikangogundana taphatikana, tiwiri kukhala limodzi, anayi kukhala limodzi, pofika pakhosi ndi mathovu akuluakulu ongobwatabwata ngati mwana akuuzira sitolo mu Fanta. Ndi zimene ndinapeza kwa mphwanga, sikima ikubwata usiku wonse kumusowetsa tulo kapu ili gwaa youma.

Iye sanakhulupirire, mukudziwa ana a masiku ano malume akayankhula amayamba afunsa kaye foni. Ndinamutuma mabotolo awiri a pulasitiki a theka la lita, tinathira madzi a mu thanki yake yomweyo onse awiri kusiya mpata pamwamba, limodzi tinaikamo mchere wa kukhitchini masupuni ang'ono atatu n'kudikira usungunuke. Ndinati khutchumula onse pamodzi uwerenge mpaka 10 kenako uike patebulo. Lopanda mchere linayera nthawi yomweyo mathovu ake akuluakulu n'kutha, la mchere linakhala kaye lotuwa timathovu tosaoneka bwino tikukwera mwaulesi. Anabwereza katatu ngati ndamuchita matsenga, kenako anangoti "aaa malume nde bwanji simunandiuze kale", ngati anandifunsapo asanagulitse mbuzi. Owerenga yesani nokha kunyumba, sizifuna ndalama.

Kenako anabwera ndi nzeru ina, akuti nanga ndikangothira mchere mu thankimo. Ndinamuuza kuti thira ukafuna ndiwo zamadzulo. Mbuna ndi nsomba za madzi opanda mchere, makolo ake onse anabadwira m'miyala ya nyanja ya Malawi, mchere wofika poti sikima igwire bwino ntchito mbuna singapirire. Akuti nanga madzi a pa mjigo wa kwa agogo ku Ngabu aja owawa mchere mpaka sopo osachita thovu. Zoona mijigo yambiri kuno kuchigwa imatulutsa madzi a mchere, tonse tikudziwa tinakulira omwewo, koma mchere wa pansi pa nthaka yathu si wofanana ndi wa m'nyanja ndipo mjigo uliwonse uli ndi muyezo wakewake, simungasungiremo nsomba za m'nyanja ya mchere komanso mbuna simukuzichitira chilungamo. Olo ife ku Durban nyanja ili pamphuno sitinkagwiritsa mchere wa pa nsima, unkabwera wake wa m'zidebe wosakaniza kale ndi kashiyamu, maginiziyamu ndi zina, tikasungunula tinkayeza ndi kachipangizo mpaka muyezo ufike pa 1.025 kapena pafupi pomwepo. Nsomba yathu imene ndikudziwa kuti mchere siiopa ndi mphende ya mu Shire muno, imeneyo ukaizoloweretsa pang'onopang'ono imakhala ngakhale m'madzi a m'nyanja, koma ndani angagule sikima chifukwa cha mphende yoti mawa ili pa makala.

Mnyamatayu si wopusa, anandigwira pena. Anati koma malume mtsinje wa Mwanza ukadzaza mvula yoyamba thovu limakhala mbwee m'mbali, ngakhale pansi pa mathithi a Kapichira limaoneka, muja muli mchere? Ndinamuyankha kuti wafunsa bwino. Madzi opanda mchere amachita thovu lokhalitsa pokhapokha litsiro losungunuka likachuluka kwambiri, mvula yoyamba imakokolola ndowe za ng'ombe, masamba oola ndi zonse za m'midzi n'kuzimenyetsa pamiyala. N'chifukwa chake kunja kuli anthu ena amene amaikadi masikima akuluakulu pa madamu a nsomba zotchedwa koi kapena m'mafamu amene nsomba zimapanikizana zambirimbiri mu thanki imodzi madzi akungozungulira omwewo, kumeneko amatulutsako thovu chifukwa madziwo ndi olemera ndi litsiro komanso makinawo anapangidwira zimenezo. Koma thanki ya pabalaza ya mbuna 15 ikafika poti sikima wamba yayamba kudzaza kapu, musasangalale, ndiye kuti madzi anu aipa kale zedi.

Kwa anzanga a madamu okumba, amene mukuweta mphende, makumba ndi milamba m'mbali mwa Shire ndi kuzungulira dambo la Elephant Marsh, inu ndiye chinthuchi chitalikireni kwambiri. Damu la makumba limafuna madzi obiriwira, n'chifukwa chake alangizi amatiuza kuthiramo manyowa a nkhuku kapena a mbuzi kuti timere tizomera tosaoneka timene nsomba zimadya kuonjezera pa madeya. Muyezo wake ndi mkono wanu womwe, mukaviika mpaka m'chigongono chikhatho chizingoyamba kubisika, chikabisika madzi ali pa mfundo ya dzanja ndiye kuti mwanyanya lekani manyowa. Nde munthu ukuthira manyowa ndi dzanja lamanja kenako ukugula makina ochotsa manyowa ndi dzanja lamanzere, zimenezo ndi zamisala. Mukaona thovu losaphulika pakona ya damu m'mawa, kapena nsomba zili kukamwa yasa pamwamba dzuwa lisanatuluke, musathamangire pa Facebook kusaka chipangizo, chepetsani chakudya, lekani manyowa, tulutsani madzi ena mulowetse atsopano. Mlamba usakupusitseni poti uli phee, uja umapuma ndi mpweya wa kunja umapirira pamene makumba akufa.

Pali ena ochepa mwina a malo ogona alendo kufupi ndi Majete kapena Lengwe, kapena mabwana a ku Blantyre amene amawerenga nyuzi ino, amene angafunedi thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere. Kwa inu sikima ndi yofunikadi, ndipo ndikuuzeniko zimene ndinaphunzira ndi misozi. Mitundu yake ilipo ingapo. Yakale kwambiri imagwiritsa kathabwa kofewa kamene pampu ya mpweya imauziramo n'kutuluka timathovu tosalala, imagwira bwino pa thanki yaing'ono koma kathabwako kamatsekeka pakapita miyezi yochepa muzisintha. Ina imatchedwa venturi, dzina la katswiri wa ku Italy Giovanni Battista Venturi amene anafotokoza m'zaka za m'ma 1790 kuti madzi akamadutsa pamalo popanikizika amathamanga ndipo mphamvu yake yokankha m'mbali imatsika, nde mukaboola kabowo pamenepo mpweya umayamwidwa wokha. Imene yafala masiku ano, ngati ya mphwangayi, pampu yake m'malo mwa mapiko ili ndi kagudumu ka timinga ngati kanungu, kamazungulira n'kumadula mpweya kukhala fumbi lenileni la thovu, ndipo siidya magetsi ambiri. Zina anazipanga kuti madzi azitsika pamene thovu likukwera kuti zikumane nthawi yaitali.

Yatsopano musaiweruze tsiku loyamba, imatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti ikhazikike chifukwa pulasitiki imabwera ndi mafuta a kufakitale, masiku amenewo mwina osatulutsa kanthu mwina kusefukira zopanda pake. Mafuta ndi mdani wake wamkulu. Ine sabata yanga yachiwiri kunali kozizira, khungu la munthu wa ku Chikwawa mu Julaye wa ku Joni linali litatuwa ngati la ng'azi, nde ndinadzola mafuta bwinobwino manja onse mpaka m'zigongono n'kupita kukapisa mkono mu thanki ya pansi mmene mumakhala sikima kutola kapu imene inagweramo. Sipanathe mphindi, thovu limene linali litaima bwino pakhosi linangoti fwaa kugwa lonse ngati mkaka wowira ukauchotsa pamoto, ndipo silinadzukenso mpaka madzulo. Abwana anangoyang'ana sikima, n'kuyang'ana manja anga akunyezimira, sanafunsenso kanthu, mawu amene anatuluka pamenepo sangalembedwe mu nyuzi. Ngakhale chakudya cha nsomba chamafuta chimagwetsa thovu kwa kanthawi, zimenezo musadabwe nazo limabwerera lokha. Mankhwala ena othira m'madzi amachita zosiyana, thovu limapenga kapu kudzaza mphindi zochepa, nde pothira mankhwala muziyamba mwaizimitsa. Khosi la kapu muzitsuka kawiri kapena katatu pa sabata ndi madzi okha opanda sopo, likamata litsiro thovu limakanika kukwera, ndipo kapayipi kolowera mpweya kamatsekeka ndi mchere wouma muzikayamwitsa madzi ofunda nthawi ndi nthawi.

Koma kunena zoona zimene zingakugwetseni kuno si sikima, ndi dzuwa ndi magetsi. Nsomba za m'makorali zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, pamene kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola 40 mpaka phula kufewa pamsewu, ndiye kuti mufunikanso makina oziziritsa madzi amene amadya magetsi kuposa zonse. Kutentha komweko kumaumitsa madzi tsiku ndi tsiku, madzi amapita mchere n'kutsala, nde pobwezeretsa muzithira madzi opanda mchere osati a mchere, ndipo sikima imafuna madzi akhale pa muyezo umodzimodzi, akatsika pang'ono thovu silifika, akakwera pang'ono yasefukira. Za magetsi ndiye tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa chaka ndi miyezi, kuzima kwake kunali kwa tsiku lonse. Thanki ya mchere yodzaza nsomba ikakhala maola angapo pampu zili zii kotentha chonchi okosijeni amatha, chifukwa madzi ofunda komanso a mchere amasunga okosijeni wochepa kale. Popanda sola ndi batire zodalirika musayambe n'komwe. Palinso kamsampha kena, magetsi akazima madzi a m'mapayipi amabwerera mu thanki ya pansi mmene mumakhala sikima n'kukwera, nde akangoyaka sikima imadzuka madzi ali m'khosi n'kukhuthulira zonyansa zonse za mu kapu m'madzi momwe zinachokera. Zinatichitikirapo usiku wina, m'mawa tinapeza shopu yonse ikununkha makorali atafota, kuyambira pamenepo tinaika kachipangizo kochedwetsa sikima kuyaka mphindi zingapo pampu yaikulu itayamba kale.

Chimene chimandiwawa akonzi n'chakuti azungu a ku Germany, America ndi Japan amalipira ndalama zambiri kuti mbuna zathu zikwere ndege zikakhale pabalaza pawo, ndipo amazisunga bwinobwino popanda sikima, pamene mwana wa kuno amene ali nazo pafupi akunamizidwa kuti popanda makina a nyanja ya eni nsomba zake sizingakhale. Mbuna zimafuna miyala yambiri yobisalamo chifukwa ndi zandewu, sefa ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya kamene ngakhale batire yaing'ono imakakwanitsa, chakudya chochepa chimene zimalize pa mphindi ziwiri, ndi kuchotsa kota ya madzi sabata iliyonse n'kuthira ena amene agonera mu ndowa ngati ndi a pampopi kuti kolorini achepe. Siponjiyo pochapa muzifinyira m'madzi amene mwachotsa mu thanki omwewo osati pampopi, mukapanda kutero mwapha mabakiteriya aja amene akukugwirirani ntchito ya amoniya ulere. Nyengo yotentha thanki ikhale kutali ndi windo ndi malata, kafani kakang'ono kakuuzira pamwamba pa madzi kamatsitsako kutentha.

Ndipemphenso amene mukugulitsa zipangizozi pa intaneti, funsani kaye munthu kuti akuweta nsomba zanji musanamutumizire nambala yolipirira, funso limodzi lokha. Ndipo alangizi a za nsomba a m'maboma athu awiriwa a Chikwawa ndi Nsanje mukamayendera magulu a achinyamata muzikhudzako nkhani ya zipangizo zimene akuziona pa foni, chifukwa mavidiyo ambiri amene akuonera ndi a mathanki a mchere a kunja ndipo palibe amawauza kusiyana kwake.

Mphwanga uja tinamuchotsera pampu ya sikima ija, tinaimangirira mu ndowa yoboola yodzaza siponji ndi timiyala ta mu mtsinje n'kuiika pakona ya thanki, pano ikugwira ngati sefa ndipo kagudumu ka minga kaja kakumwaza mpweya bwino moti mbuna zayamba kukumba mchenga. Chipayipi chake ndi kapu waziika pa Facebook akuti mwina wina wa ku Lilongwe wa thanki ya mchere agula, wafika sabata yachitatu amene afunsa ndi mmodzi yekha, nayenso amaweta milamba ku Makhanga ndipo mphwanga wamuuza yekha kuti ayi achimwene musagule. Mlongo wanga za mbuzi zija sanamukhululukirebe.

Ine wanu wowerenga,
Malume wa mbuna,
Nchalo, Chikwawa